Mmene Anatiuzira Kuti Ndife Makariya

Mwana wathu woyamba anabadwa wonenepa bwino, wa tsitsi lambiri, ndipo miyezi yoyambirira sanativutitse ngakhale pang'ono. Tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi kuseri kwa chigayo. Ine ndinkagulitsa kaunjika wa ana pamsika, amuna anga ankakhoma ndowa ndi mbaula ku Biwi. Tonse kwathu n'ku Machinga, koma tinakumanirana kuno ku Lilongwe komwe aliyense anabwera kudzasaka zochita.

Mwanayo atayamba kukwawa, tsiku lina m'mawa ndikumusambitsa ndinaona kuti manja ake atupa. Tizala tonse tinali titafufuma, khungu likuchita kunyezimira. Nditangotikhudza anakuwa kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo, mpaka amayi a nyumba yoyandikana nafe anatulukira ali ndi thovu la sopo m'manja. Tinayang'ana m'zofunda kuti mwina walumidwa ndi kanthu, koma sitinapeze chilichonse. Pofika masana mapazi nawo anali atatupa.

Kuchipatala chaching'ono anamuyeza malungo, sanawapeze. Anandipatsa panado n'kundiuza kuti ndibwerenso zikapitirira. Kutupa kunaphwa patapita masiku, ine n'kuyamika Mulungu, n'kubwerera kumsika. Koma kunabweranso, kenako kunabweranso. Ulendo wachitatu mwana anafooka kwambiri. M'zikhatho munayera mbuu, maso anasanduka achikasu, ndipo akayamwa pang'ono ankasiya n'kumapuma ngati wathamanga. Adokotala atangomutsegula chikope, sanataye nthawi.

"Mayi, mwanayu alibe magazi. Pitani kuchipatala chachikulu pompano, musadzerenso kunyumba."

Ndinakwera minibasi ndili ndi chitenje chimodzi chokha. Njira yonse ndinkaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma.

Kuchipatala chachikulu anamutenga magazi pang'ono okayeza, kenako anamuika magazi ena. Anayamba kutsitsimuka, nayambanso kugwira bere mwamphamvu. Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, anafika kuchokera kumudzi atamva uthenga. Anakhala pansi pafupi ndi bedi, akuyang'ana thumba la magazi lili lendee pachitsulo, ndipo anandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, magazi sangotha okha. Pali wina akumupopa mwanayu. Mumakhala bwino ndi anthu pamalo panu paja?" Mawuwo anandilowa. Ndinayamba kuganizira mmodzimmodzi anthu onse amene anamunyamulapo mwana wanga.

Tisanatuluke m'chipatala, anatiitana ine ndi amuna anga kuti nafenso atitenge magazi. Sanatiuze zambiri, anangoti akufuna kutsimikiza kanthu kena. Tsiku lotuluka kunabwera dokotala wachinyamata, wooneka wotopa, odwala ambiri akumudikirira. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kuyankhula mofulumira, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi.

"Mwana wanu ali ndi sikoselo. Ndi matenda a m'magazi, sachizika, koma pali mankhwala omuthandiza. Wawatengera kwa inu makolo. Nonse awiri tapeza kuti ndinu makariya. Mubwere ku kiliniki ya matendawa mwezi wamawa, akakufotokozerani bwino."

Anatitsanzika n'kupita pa bedi lina.

Mawu oti sikoselo sindinkawadziwa, ndiye anangondidutsa. Amene ndinawamva bwino ndi oti kariya. Mawu amenewo ndinkawadziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikuwadziwa. Pamsika pathu, munthu akamadutsa anthu n'kukodolana kuti "ameneyo ndi kariya," tanthauzo lake linali limodzi lokha: ali ndi kachilombo, akuoneka wathanzi koma akugawa. Ndinaphatikiza zonse: matenda a m'magazi, osachizika, mwana watengera kwa makolo, nonse awiri. Ndinayang'ana amuna anga, iwo anali akuyang'ana pansi, nsagwada zili gwaa. Ndinadziwa kuti amva zomwe ndamva ine.

Palibe amene anafunsa funso. M'chipindamo munali amayi ambiri, mabedi oyandikana, ndipo aliyense anali chete ngati akumvetsera. Ndinangomanga katundu wanga.

Ndili woyembekezera anandiyeza kachilombo kusikelo, ndipo sanandipeze nako. Ndiye m'mutu mwanga nkhani inali yoonekeratu: abwera nako ndi amuna anga. Iwonso, monga anadzandiuzira pambuyo pake, ankaganiza zomwezo za ine, poti ndinkapita ku tauni m'mamawa kukapikula mabelo a kaunjika ndi azibambo ogulitsa nawo. Tinakhala m'nyumba imodzi ngati alendo okumana pa depoti. Ankadzuka, kusamba, kupita ku Biwi osamwa tiyi. Akabwera ankamunyamula mwana, kumuyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kumubweza pamphasa. Apongozi ankationa, koma ankaganiza kuti ndi nkhawa ya matenda chabe. Iwo anali otanganidwa ndi zawo. Anapita ku Chinsapo kwa munthu wina amene anawapatsa kachingwe koti amumange mwana m'chiuno, ndipo analetsa kuti munthu aliyense wakunja amunyamule.

Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali kuyamwitsa. Mwana akalira n'kumafuna bere, ndinkazengereza kumunyamula. Ndinkaona ngati ndikumumwetsa poizoni. Kumumana sindikanatha, poti phala ankalikana. Ndiye ndinkamuyamwitsa nditatembenuzira nkhope kukhoma, misozi ikutsika. Ndikadzicheka ndi mpeni posenda mbatata ndinkathamanga kukasamba m'manja kutali ndi mwana. Ndinayamba kudziyang'ana pagalasi kuti ndione ngati ndayamba kuonda, ndipo ndinaondadi, chifukwa chakudya sichinkalowa.

Nkhani inafikanso pamsika. Pa bedi loyandikana ndi lathu kuchipatala kuja panali mayi wina wa ku Kawale konkuno, ndipo anamva zonse. Sindikudziwa kuti anauza ndani, koma nditabwerera pa benchi langa ndinapeza zinthu zasintha. Mnzanga wogulitsa nsapato, amene tinkadyera limodzi chimanga chootcha, anayamba kudya yekha. Wina anabwera kudzandigwira paphewa n'kunena kuti, "Limbani mtima asisi, masiku ano anthu akukhala nako zaka zambiri, bola kumwa mankhwala mwandondomeko." Ankanena mwachifundo, koma ine ndinangomva ngati pansi pang'ambika.

Mkati mwa masabata omwewo ndinazindikira kuti ndili ndi pakati pena. Sindinauze munthu.

Tsiku la kiliniki litafika, ndinaganiza zopita ndekha. Ndikubereka mwana kumbuyo ndinaona amuna anga avala malaya awo a ku mzikiti, aima pakhomo.

"Tipitira limodzi," anatero. "Ndikufuna akanene pamaso pa tonse awiri kuti wabweretsa zimenezi ndani."

Mu minibasi tinakhala mipando yosiyana.

Kukiliniki kunali anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Panali makanda ngati wanga, ana a yunifolomu ya sukulu, ngakhale mtsikana wina wamkulu ndithu amene ankaseka pafoni. Titalowa tinapeza anamwino achikulire, a magalasi olendewera pachingwe. Anamuyeza mwana, kumutsegula maso, kumugwira pamimba, kenako anatifunsa ngati tikudziwa chimene mwana akudwala. Aliyense anadikira mnzake kuti ayambe. Anafunsanso. Pamenepo amuna anga anayankhula.

"Amayi, ife anatiuza kuti ndife makariya. Ine chimene ndikufuna kudziwa n'choti kachilomboka kanayambira kwa ndani, ndipo mankhwala tiyamba liti."

Anamwino aja anavula magalasi.

"Kachilombo kanji, bambo?"

"Komwe kali m'magazimo."

Anamwinowo anayang'ana ine, kuyang'ana amuna anga, kenako anadzuka n'kukatseka chitseko bwinobwino. Atakhalanso pansi anati, "Ana anga, mwakhala mwezi wonse mukuganiza zimenezi? Pepani. Pepani ndithu. Pano palibe kachilombo. Matendawa sapatsirana pogonana, sapatsirana poyamwitsa, sapatsirana ndi lezala. Palibe anayenda njira yolakwika pano."

Ndinamva mawuwo koma sanakhazikike msanga. Ndinafunsa kuti, "Nanga kariya n'chiyani?"

Anatifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndikuyesa kunena monga ananenera. Anati m'thupi mwa munthu muli timalangizo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa majini, tomwe timachititsa kuti mwana afanane ndi makolo ake: mphuno, msinkhu, khungu, ngakhale kapangidwe ka magazi. Pa chinthu chilichonse munthu amalandira majini awiri, imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Pa nkhani ya magazi pali jini yabwinobwino imene amaitchula kuti A, ndiye pali ina imene amaitchula kuti S. Munthu amene walandira S kwa bambo ndi S kwa mayi ndiye amadwala sikoselo. Timaselo ta magazi ake, m'malo mokhala tobulungira ndi tofewa, timapindika ngati chikwakwa chomwetera udzu, timakola m'mitsempha n'kubweretsa ululu, komanso timafa msanga. N'chifukwa chake magazi amamuthera.

"Tsono kariya," anatero, "ndi munthu amene ali ndi A imodzi ndi S imodzi. Iyeyo sadwala, chifukwa A ija imagwira ntchito mokwanira. Amangoisunga S ija, ndipo angathe kuipereka kwa mwana wake pobereka basi, osati kwa munthu wina aliyense. Inu bambo munabadwa nayo. Inu mayi munabadwa nayo. Simunapatsane. Munabwera nazo kuchokera m'mimba mwa amayi anu, aliyense kwawo."

Amuna anga anafunsa kuti, "Ndiye wolakwa ndani?"

"Palibe. Mukanakwatira mkazi wopanda S, mwana sakanadwala. Iwonso akanakwatiwa ndi mwamuna wopanda S, mwana sakanadwala. Zinangokumana."

Amuna anga anaphimba nkhope ndi chipewa chawo. Mapewa awo ankagwedezeka. Chikwatiranireni ndinali ndisanawaonepo akulira. Ine sindinalire, ndinangomumasula mwana kumbuyo n'kumuika kubere pomwepo, ndikumuyang'ana m'maso.

Koma mpumulo umenewo sunakhalitse. Ndinakumbukira chimene ndinali nditabisa, ndipo ndinafunsa ndi mawu otsika kuti, "Nanga ana ena amene tingadzabereke?"

Anamwino anandiyang'ana pamimba, kenako kumaso. Amuna anga nawo anatembenuka. Umu ndi mmene anadziwira kuti ndili ndi pakati.

Anamwino anatiuza kuti makariya awiri akamabereka, mwana angathe kulandira A ndi A, n'kukhala wopanda chilichonse. Angathe kulandira A kwa bambo ndi S kwa mayi, kapena S kwa bambo ndi A kwa mayi, n'kukhala kariya ngati ife. Kapena angathe kulandira S ndi S. Njira zinayi, imodzi mwa izo ndiyo ya matenda.

Amuna anga anawala kumaso. "Ndiye kuti poti woyambayu watenga kale, atatu otsatirawo apulumuka?"

"Ayi bambo, sizitsata mzere choncho. Mimba iliyonse imayambira pomwepo. Alipo amene ana awo onse amapulumuka, alipo amene awiri otsatizana amadwala. Palibe angakulonjezeni."

Tinatuluka ndi mankhwala a mwana akumwa tsiku lililonse, ndi malangizo: azimwa madzi ambiri, azigona m'neti, asazizidwe, ndipo thupi likangotentha tisadikire kuti kuche kawiri. Pobwerera tinakhala mpando umodzi, mwana ali pamiyendo pa bambo ake. Titatsika pa siteji anandigulira nthochi, n'kunena mawu amodzi okha, "Mundikhululukire, mayi a mwana." Inenso ndinati andikhululukire.

Mimba imeneyo ndinainyamula ndi mantha kuyambira pamenepo mpaka tsiku lobereka. Mwana akagunda m'mimba, m'malo mosangalala ndinkadzifunsa kuti kodi walandira chiyani kwa ine. Ndinkadziwa kuti nkhaniyo inatha kale tsiku limene mimba inakhala, palibe chakudya kapena pemphero limene likanasintha zilembo zija, komabe ndinkapemphera. Nyengo yozizira itafika, wamkulu uja anadwalanso. Ululu unamugwira m'miyendo, ankalira mpaka mawu kutha, ndipo tinagonekedwanso. Ndinkakhala pambali pa bedi ndi mimba yanga yaikulu, ndikuganiza kuti ndikadzakhala ndi awiri otere ndidzagwira uti, ndidzasiya uti.

Pamsika ndinayesa kufotokoza. Ena anamva, ena anangogwedeza mutu mwaulemu. Mnzanga wa nsapato uja anati, "Koma mawu akewo ndi omwewo, asisi." Ndinati inde, mawu ndi omwewo, koma katundu wake ndi wosiyana. Patapita nthawi anayambanso kudya nane, ngakhale sindikudziwa ngati anakhulupirira kapena anangoona kuti sindikufa.

Ovuta anali apongozi. Amuna anga atawafotokozera, anakana kwamtuwagalu. "Kwathu kulibe matenda amenewo. Ngati alipo achokera kuchikazi." Achimwene awo a amuna anga anafika mpaka ponena kuti kuli bwino apeze mkazi wina wa magazi abwino. Amuna anga anawayankha kuti magazi oipawo ali nawonso iwo, ndipo mwina achimwenewo ali nawonso. Achimwenewo anakwiya, sanabwerenso kwathu chaka chimenecho.

Ndinabereka mwana wamwamuna. Anatiuza kuti tidikire akuleko pang'ono kuti akamuyeze. Miyezi imeneyo ndinkamuyang'ana zala m'mawa uliwonse, kuzipinda, kuzitambasula. Akalira pang'ono ndinkathamanga kukamugwira thupi. Tsiku lokamva zotsatira ndinalephera kulowa, ndinangoima pakhomo. Amene analowa ndi amuna anga. Atatuluka anali akumwetulira.

"Ndi kariya," anatero. "Ali ngati ife. Sadwala."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, anthu akundilambalala.

Apongozi anali atabweranso kudzathandiza pa uchembere, ndipo anakhalitsa. Madzulo ena dzuwa lisanalowe, ndikusankha mpunga pakhonde, anabwera kudzakhala pafupi nane. Wamkulu uja ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo patsogolo pathu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

"Amuna akowa asanabadwe, ndinali ndi ana awiri. Wamkazi ndi wamwamuna. Onse anatupa manja ngati mmene anachitira uyu. Onse anayera m'maso. Sanafike poyankhula bwinobwino."

Ndinali ndisanamvepo za ana amenewo. Ngakhale amuna anga ankangodziwa kuti kunali maliro kalekale.

"Anthu anati anawalodza ndi mlamu wanga, mchemwali wa malemu apongozi ako aamuna, poti iye analibe mwana. Ine ndinakhulupirira. Ndinamulozera chala pamaso pa anthu. Anasamuka pamudzi, anakakhala kutsidya kwa mtsinje yekhayekha. Kuyambira pamenepo sitinapatsanenso moni." Anatembenukira kwa ine. "Kodi munthu wokalamba ngati ine angamuyezenso?"

Tinapita nawo kukiliniki sabata yotsatira. Anatambasula mkono wawo osaphethira. Zotsatira zitatuluka, anamwino aja anawauza mofatsa kuti nawonso ndi kariya, ndipo ngati ana awiri aja anadwaladi matendawa, ndiye kuti malemu amuna awo analinso chimodzimodzi. Anawauzanso kuti za ana amene anapita kalekale palibe angatsimikize, koma zizindikiro zimene akunenazo zikufanana kwambiri. Apongozi anangoti, "Zikomo, mwana wanga," n'kukonza mpango wawo kumutu.

Kunyumba anakana chakudya. M'mawa mwake ndinawapeza atamanga kale katundu wawo, ngakhale tinagwirizana kuti akhala mpaka mwezi uthe. Anandipempha kuti ndiwasankhire juzi yabwino pa kaunjika wanga, ya munthu wamkulu, poti kutsidya kuja kumazizira. Ine ndimagulitsa za ana zokha, ndiye ndinakawapezera kwa mnzanga. Amuna anga anawaperekeza kudepoti.

Patapita masabata angapo anatiimbira foni. Anati anawoloka mtsinje uja, anawapeza alamu awo ali moyo koma maso atachita khungu. Anadzitchula dzina, nafotokoza zonse monga anazimvera, za A ndi S, mmene akanathera. Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu. Kenako anati, "Ndamva. Koma mwachedwa." Juzi analandira, madzi akumwa anawapatsa, koma m'nyumba sanawalowetse. Apongozi anati adzapitanso.

Mwana wanga wamkulu tsopano ali pasukulu. Ndi wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, koma pakamwa ndiye palibe amamuposa. Miyezi ina imadutsa bwinobwino mpaka timaiwala. Kenako kumabwera mphepo ya mwezi wa Juni, kapena thupi limangotentha mwadzidzidzi, ndipo ndimasiya benchi langa m'manja mwa anzanga n'kuthamanga naye. Mantha amenewo sanathe, ndipo sindikuganiza kuti adzatha. Ine ndi amuna anga tinagwirizana kuti ana awiriwa akwana. Apongozi anapitanso kutsidya kuja kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo anagona konko.